Mutu 6: Mkono Wobwereka

1. Fungo la m'holo

Holo ya masewera olimbana inali pamwamba pa galaja. Ukamakwera masitepe achitsulo aja unkayamba kumva fungo la oyilo ndi matayala. Fungo limenelo linali labwinoko. Loipa linkakudikirira pamwamba.

Ukangotsekula chitseko linkakulandira ngati mwini nyumba: thukuta la dzulo, thukuta la dzana, masokosi onyowa, ndi china chake chowawasa chimene palibe ankafuna kuchifufuza. Matiresi opyapyala amene ana ankagwerapo anali abuluu kale. Tsopano anali mawangamawanga, ndipo phazi likapondapo linkamata.

Namzeze ankapuma ndi pakamwa mpaka mphuno itazolowera. Dzina limeneli anam'patsa akadali wamng'ono chifukwa cha kupepuka kwake. Ukati wamugwira, iye ali kale kumbuyo kwako. Tsopano anali mtsikana wa kusekondale, wa lamba wobiriwira, ndipo m'holomo munalibe mtsikana womuposa pogwetsa ndi popana.

Kale sizinali chonchi. Holoyi anaiyambitsa ndi bambo wina wachikulire amene aliyense ankawatcha a Igwanso, chifukwa mawu awo anali omwewo tsiku lonse: "Wagwa bwino. Igwanso!" M'masiku awo munthu sunkaponda matiresi usanawakolope ndi madzi a sopo, ndipo pomaliza unkakolopanso. Koma a Igwanso anadwala sitiroko, mbali imodzi inafooka, ndipo holo anaisiya m'manja mwa mphwawo, mwana wa mlongo wawo.

Mphwawoyo ankafuna azitchedwa Kochi Chiphaliwali. Dzinalo anadzipatsa yekha, n'kulilembetsa kumsana kwa jekete kuti anthu asaiwale. Ndowa yokolopera anaivundikira pakona n'kuisandutsa mpando. Ankakhala pamenepo akuseweretsa foni ndi kutokosa zala za kumapazi. Chingamu akatopa nacho ankachimata pansi pa benchi, moti pansi pa benchipo panali pataphuka ngati bowa.

"Tinabwera kudzamenya, osati kudzakolopa," ankatero.

Anabweretsanso kachitidwe kake, kamene ankakatcha kulandira alendo. M'masewera amenewa, mnzako akakupana mkono kapena khosi, umagogoda pansi ndi chikhatho, pha pha, ndipo iye amakusiya pompo. Limenelo ndiye lamulo loyamba. Koma Kochi anati alendo lamuloli silikuwakhudza. Wakale azipana mlendo, mlendo azigogoda mpaka alire, anyamata azijambula pa foni. Mavidiyowo ankawamwaza kwa anthu kuti aone kuti pamwamba pa galaja pali zilombo.

Namzeze anaonako kamodzi. Kamnyamata kena kanagogoda mpaka kanadzikodzera, holo yonse n'kufa nacho chiseko. Mkodzowo palibe anaukolopa. Unaumira pomwepo n'kusiya banga lachikasu pakati pa matiresi. Tsiku limenelo Namzeze anatuluka kukalavula pa masitepe, koma pakamwa pake panangotuluka malovu, osati mawu.

Lachinayi lina masewera atatha, Kochi anamukodola ndi chala.

"Mpikisano wa dziko lonse wayandikira," anatero akutafuna. "Malo a mtsikana ndi amodzi. Pali iwe, pali Nsanamira. Luso uli nalo, sindikukana. Koma mtima wako ndi wofewa ngati buledi wonyowa. Loweruka tikulandira alendo. Undionetse kuti uli ndi mano. Ukasiya ndisanakuuze, kapena mlendo wako akajomba, malo ndi a Nsanamira."

"Mlendo wanga ndi uti?" anafunsa Namzeze.

Kochi analoza ndi mlomo kupakona, kumene mtsikana wina wa magalasi ankalimbana ndi kupinda jekete yomukulira.

"Wako ndi uyo."

Mtsikanayo anali msuweni wake.

2. Magalasi

Anali mwana wa azakhali ake a Namzeze, ndipo anthu ankangomutcha Magalasi. Anali mwana wa mabuku, woyenda ataweramira pansi ngati wataya singano. Pobwera kusukulu ankadutsa pa depoti ya mabasi, pamene anyamata ena osowa chochita ankamukoka chikwama ndi kumulanda magalasi. Tsiku lina anabwera kunyumba galasi limodzi litasweka, bondo likuchucha magazi.

Amene anabwera ndi nzeru yoti akaphunzire kudziteteza anali Namzeze yemweyo. Azakhali anakana poyamba, koma iye anawanyengerera mpaka anafewa.

"Mwana wangayu ndewu saidziwa," anatero azakhaliwo. "Ngakhale nkhuku imamuthamangitsa. Ndikumulola chifukwa iwe uli komweko. Uzibwera naye mmene wamutengera. Wandimva?"

"Ndamva, azakhali."

Ndiye Lachinayi limenelo awiriwa ankabwerera kunyumba limodzi, akulambalala matope ndi ngolo za ogulitsa zipatso. Magalasi anali ndi chimwemwe chodzaza tsaya.

"Asuweni, munandiona lero? Ndagwa chagada osamenyetsa mutu!"

"Ndinakuona. Unagwa ngati thumba la makala."

"Kaduka basi! Thumba la makala limadzuka lokha?"

Namzeze anaseka pang'ono, akukanda pakhosi pamene panali patatuluka kabanga koyabwa.

"Koma ukudziwa chimene chandisangalatsa kwambiri?" anapitiriza Magalasi. "Zogogoda zija. Ku depoti ukanena kuti ndisiyeni, ndiye wawathira mafuta. Koma kuholo ukangoti pha pha, munthu wamphamvu kuposa iwe amakusiya. Ine sindinkadziwa kuti padziko pali malo otero."

Namzeze anayang'ana kumbali, kumene galu ankafukula zinyalala.

"Nanga Loweruka kuli chiyani? Ndamva akuti kulandira alendo. Kukhala zakumwa?"

Apa mpamene Namzeze akanalankhula. Anatsekula pakamwa ndithu. Koma mpikisano uja anaufunitsitsa kuyambira ali ndi lamba woyera. Anauthamangira m'mamawa anzake ali m'bulangete, anauthyokera chala, anaukanira zocheza zambiri. Ochita bwino kumeneko ankatengedwa kupita kusukulu ya masewera ya mumzinda waukulu. Mawu anafika pakhosi, anakumana ndi mpikisano, n'kubwerera.

"Ukaona konko," anatero.

"Bola ndikhale ndi iwe," anayankha Magalasi, n'kumukoleka mkono paphewa.

3. Mawu a a Igwanso

Lachisanu lililonse akaweruka kusukulu, Namzeze ankapita kukazonda a Igwanso. Iwo ankakhala m'kachipinda ka kuseri kwa shopu yosoka ya mwana wawo wamkazi. Makina ankalira kutsogolo, tizidutswa ta nsalu tili mbwee pansi, koma kachipinda ka mkuluyo kanali koyera moti ukanagona pasimenti. Ntchito ya Namzeze inali yowathandiza kufinya kampira ndi dzanja lofooka lija.

Tsikulo asanafinye n'komwe, mkuluyo anamuyang'anitsitsa.

"Tatembenuka. N'chiyani icho pakhosipo?"

"Ndi kachipere chabe, aphunzitsi."

"Chipere sichiyenda chokha. Enanso ali nacho?"

"Ambiri ndithu."

"Ndowa yanga ili kuti?"

Namzeze anayang'ana pansi. A Igwanso anatsonya, nkhope yawo itakwinyika ngati alawa mkaka wosasa.

"Asa! Ana a eni ake akugubuduka pa nyansi. Nanga akukuphunzitsani chiyani kumeneko?"

"Akuti masewerawa cholinga chake n'kudziwa kupweteka munthu," anatero Namzeze. "Akuti zowerama, zokolopa ndi zogogoda n'zokongoletsa chabe. Akuti tsabola wakale sawawa."

Za Loweruka sanazitchule. A Igwanso anaika kampira pambali, anakhazikika bwino pampando, n'kuyamba kulankhula pang'onopang'ono, poti lilime linali likadali lolemera.

"Mwana wanga, nyundo imapweteka munthu. Galu wachiwewe amapweteka munthu. Anaphunzira kuholo iti? Kupweteka munthu sikufuna sukulu.

"Ine ndinaphika m'sitima zapamadzi mpaka tsitsi linayera. Tikaima padoko, anzanga ankathamangira mowa. Ine ndinkafunsa kuti, kuno anthu amalimbanira kuti? Ndiye ndinaona zambiri.

"Kwina ndinapeza amuna akuluakulu ngati ng'ombe akulimbana pamchenga, ng'oma zikulira, amayi akuimba. Amenewo ankalimbanira ulemu wa kwawo. Koma wogwetsa mnzake ndiye ankamudzutsa, n'kumusasa mchenga kumsana.

"Kwina anthu ankamenyana akuvina, manja pansi, mapazi m'mwamba. Anandiuza kuti makolo awo anali akapolo, ndipo ndewu ankaibisa m'gule kuti asaiwale kuti nawonso ndi anthu. Phazi linkadutsa pamphuno pako penipeni, koma chokukhudza inali mphepo yokha.

"Kwina ndinadzuka m'mawa n'kupeza nkhalamba zili pabwalo, zikuyendetsa manja pang'onopang'ono ngati zikusambira m'phala. Ndinaseka. Mayi wina wokalamba, wamfupi kundilekeza m'khwapa, anandiitana. Anandikankha pang'ono chabe, ine khu, pansi! Iwowo sankafuna kumenya munthu. Ankafuna mawondo olimba ndi tulo tabwino.

"Ndinaonanso abusa a ng'ombe akuchita ndewu ya ndodo kuti akule mtima. Wokhetsa mnzake magazi ndiye ankakatunga madzi n'kumutsuka bala. Ngakhale asilikali ndinawaona. Amenewo inde amaphunzira kupha, ndipo sabisa. Koma pophunzira amamusamala mnzawo, chifukwa mawa adzabisala naye m'dzenje limodzi.

"Waona? Uyu akufuna ulemu, uyu ufulu, uyu thanzi, uyo nkhondo. Zifukwa n'zambiri ngati zilankhulo, ndipo sindinganene kuti cholondola ndi chiti. Koma konse kumene ndinaponda kunali chizindikiro choti basi, zakwana. Ena amagogoda, ena amakweza dzanja, ena amangokhala pansi. Ukudziwa chifukwa chake?"

Namzeze anapukusa mutu.

"Chifukwa ndewu sungaiphunzire wekha. Thumba la mchenga silingakuphunzitse kupana mkono. Pamafunika munthu woti akubwereke mkono wake. Mkono umene amadyera, umene amalembera mayeso, umene adzanyamulire mwana. Amakubwereka kuti iwe uphunzire. Akagogoda ndiye kuti akunena kuti, ndibwezere. Ukapanda kubweza, usadzitche katswiri. Ndiwe mbala. Ndipo mbala ikadziwika, ndani adzaibwerekenso? Idzatsala yokha m'holo, ikumenya khoma."

Makina osokera anasiya kulira, kenako anayambanso.

"Zimene zikuchitika kumeneko sindikuzidziwa zonse," anamaliza mkuluyo. "Koma munthu wosasamala pamene mnzake akugoneka tsaya, sangasamale mkono wa mnzakeyo. Uchenjere."

Namzeze anatola kampira kaja n'kuwapatsa. Anafinya mpaka dzuwa linapendeka, ndipo za Loweruka sanazitchulebe.

4. Loweruka

Masana a Loweruka kunatentha, ndipo malata a holo ankathetheka. Anyamata anadzaza m'mbali mwa khoma, ena oti sanavalepo n'komwe jekete ya masewera, ongobwera kudzaonerera. Mawindo anatseka kuti amakanika a pansi asamve kulira. Fungo lija linakhuthala moti unkalimva palilime.

Kochi Chiphaliwali anakhala pa ndowa yake, mwendo pamwamba pa unzake.

Anayamba ndi Nsanamira, mtsikana wamtali wa mapewa otambalala. Anam'patsa kamnyamata kowonda kamene kanangolowa kumene. Anakagwetsa, anakapana khosi, kamnyamatako n'kugogoda. Nsanamira anayang'ana kwa Kochi, Kochi anayang'ana pa foni. Kanagogoda ndi dzanja, kanagogoda ndi phazi, mamina ndi dovu zili chuchuchu pa matiresi. Anthu akulu misinkhu ankaseka mpaka kugwirana mapewa. N'zonyansa kuona mano ambiri chonchija akusekerera mwana amene akulephera kupuma.

Pamene Kochi anati "Basi," kamnyamatako kanakwawira kupakona. Ngakhale Nsanamira amene sanaseke. Anapukuta manja pa buluku lake mobwerezabwereza.

"Namzeze! Bweretsa mlendo wako."

Magalasi anali atavula kale magalasi ake n'kuwaika pa benchi, choncho zimene zinachitikazo anangoziona mwachimbuuzi. Kulira kokha anakumva. Anafika pakati akuphethiraphethira, nkhope itatuwa.

"Asuweni, mwana uja wavulala?" ananong'ona.

"Werama," anatero Namzeze.

Magalasi anawerama bwinobwino monga anamuphunzitsira, manja m'mbali. Kenako anamwetulira pang'ono, n'kutambasula mkono wake wamanja kuti msuweni wake augwire.

Namzeze anamugwetsa mosavuta. Magalasi anagwa bwino, chibwano pachifuwa, mutu osagunda. Namzeze anagona chagada, anakoka mkono uja pakati pa miyendo yake, chigongono n'kuchitsamiritsa pachiuno. Ukakweza chiuno pang'ono, chigongono chimapindikira kumene sichinalengedwere. Anakweza pang'ono.

Pha pha.

"Gwira!" anakuwa Kochi, akudzuka pa ndowa.

Namzeze anagwira.

Mafoni anayandikira. Kochi anagwada pafupi, mpweya wake wa chingamu ndi fodya ukumuwomba Namzeze kumaso. "Kweza! Mpikisano ndi umenewu, kweza!"

Magalasi anagogodanso, tsopano osati pansi koma pa mwendo wa Namzeze, ngati munthu wodzutsa mnzake amene wagona.

"Asuweni?" anatero ndi kamawu kakang'ono. Sanalire. Ankangodabwa.

Namzeze anadzutsa mutu. Anaona tsaya la msuweni wake litakanikizika pa banga lachikasu lija, pamene panaumira mkodzo wa kamnyamata kaja. Anaona mano a anyamata, thukuta la Kochi likudonthera pa jekete ya Magalasi. Anaona manja ake omwe atakakamira dzanja lokhala ndi inki pa chala. Ananyansidwa ndi holo, ananyansidwa ndi Kochi, koma koposa ananyansidwa ndi manja awiri amenewo.

Anasiya.

"Ndani wakuuza kuti usiye?" Kochi anakalipa.

Namzeze anaimirira. "Wagogoda."

"Ndati gwira!"

"Mkono ndi wake, a Kochi. Anangondibwereka."

Anyamata anakuwiza. Wina analira ngati mbuzi, wina anati, "Mlaliki wafika!" Kochi analavula chingamu pa matiresi.

"Nzeru za amalume zimenezo. N'chifukwa chake holo ino inalibe dzina. Malo ndi a Nsanamira. Iwe vula lamba, utsike. Ukafuna kukolopa ukafunsire ntchito kuchipatala."

Namzeze anamasula lamba wake wobiriwira. Anamupinda bwinobwino monga ankachitira masiku onse, n'kumuika pa benchi. Anatola magalasi a msuweni wake, anamudzutsa, n'kuyenda naye kulowera kukhomo. Atafika pakona anaima. Anavundukula ndowa ija. M'kati munali maukonde a akangaude, zikhadabo zowengedwa ndi mapepala a maswiti zitakodwamo. Anazikhuthulira pamapazi pa Kochi.

"Ndowayi ndi ya a Igwanso," anatero, n'kutsika nayo.

5. Pa mpope

Kuseri kwa galaja kunali mpope umene amakanika ankasambirapo m'manja. Magalasi anagwada pamenepo n'kutsuka tsaya lake. Anatsuka, anatsukanso, mpaka linafiira. Ankagwiritsa ntchito dzanja lamanzere. Chigongono chamanja chinali chitayamba kutupa, ndipo anachigwirizira pamimba.

Namzeze anaima pambali ndi ndowa yake. Kunena zoona ankayembekezera kamawu kothokoza. Munthu wataya mpikisano, wataya lamba, wasekedwa ndi holo yonse. Koma Magalasi anangopitiriza kutsuka.

"Wamva zimene wanena Kochi?" anayamba Namzeze. "Mpikisano wapita. Ndausiya chifukwa cha iwe."

Magalasi anatseka mpope. Anavala magalasi ake ndi dzanja limodzi, anapendekeka, anawakonza. Kenako anamuyang'ana msuweni wake m'maso, zimene sankachita kawirikawiri.

"Koyamba kuja unamva?"

"Chiyani?"

"Nditagogoda koyamba. Unamva?"

Namzeze akanatha kunama. M'holo munali phokoso, ndipo palibe akanamutsutsa.

"Ndinamva."

"Nanga Lachinayi lija, ndikukufunsa za zakumwa, unkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

Magalasi anagwedeza mutu pang'onopang'ono ngati wapeza yankho la samu.

"Anyamata a ku depoti aja ndi oipa," anatero. "Koma sanandiuzepo kuti ndikagogoda adzandisiya."

Anavula jekete yomukulira ija movutikira, n'kuipachika pa mpope. Namzeze anati amunyamulire chikwama, iye anakana. Anati amuperekeze, anakananso. Anachikoleka paphewa lamanzere n'kulowera njira ya ku depoti yekha, osatembenuka.

Namzeze anatsuka ndowa ija ndi mchenga mpaka inayera. Kenako anainyamula kupita kushopu yosoka.

A Igwanso ataona ndowa pakhomo sanafunse zambiri. Namzeze anakhala pansi n'kufotokoza zonse, kuyambira kamnyamata kodzikodzera kaja mpaka mawu a pa mpope. Sanadumphe pamene anagwira. Mkuluyo anamvetsera maso ali pansi.

"Mwana wa mlongo wanga," anatero pomaliza, ngati mawuwo akununkha. "Ndinamuphunzitsa kugwa ndi manja angawa."

Kenako anamuyang'ana Namzeze.

"Usayembekeze kuti ndikuombera m'manja. Wabweza mkono, inde, ndipo wachita bwino kubweza. Ambiri m'holo muja sakanatha. Koma wabweza mochedwa, ndipo wabweza wotupa. Mpikisano umabwera chaka ndi chaka ngati mvula. Munthu amene anakukhulupirira sabwera choncho. Katundu ameneyo ndi wako, sindingakusenzere. Holo ndiye katundu wanga, chifukwa ndine ndinaipereka kwa munthu wolakwika, n'kukhala pano osafunsa."

Anaitana mwana wawo kuti asiye kaye makina.

"Unditulutsire jekete yanga m'sutikesi, uichape. M'thumba mwake muli kiyi wina wa kuholo. Ndodo yanganso uipukute."

"Bambo, masitepe aja ndi mwendo wanuwo?" anadandaula mayiyo. "Mukagwa?"

"Ndikagwa ndidzukanso. Ntchito yanga inali yomweyo." Anatembenukira kwa Namzeze. "Lolemba ubwere ndi ndowayi ndi sopo, udzandikweze. Koma usabwere usanapite kwa azakhali ako. Upite lero, dzuwa lisanalowe, ukanene ndi pakamwa pako vidiyo isanakunenere."

Nyumba ya azakhali inali kumapeto kwa mdadada wa nyumba za lendi. Namzeze anafika pakhomo dzuwa likadalipo. Nsapato za Magalasi zinali pakhonde, imodzi itagwa chammbali. M'kati munkamveka wailesi ndi mawu a anthu awiri olankhula motsitsa.

Anapukuta manja pa siketi, n'kugogoda.

Wailesi inazimitsidwa. Mawu aja anatha. Anali atamva ndithu, koma chitseko sichinatseguke.

Namzeze sanachoke. Anakweza dzanja n'kugogodanso. Mpando unakhululuka pasimenti, ndipo mapazi olemera a azakhali anayamba kuyandikira.